Zilembo za Amayi Anu

Mlangeni, Ntcheu
3 Novembala 2025

Okondedwa mwana wanga Fyson,

Akulemba ndi mlamu wanu Aida, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asawafewetse.

Ndinabereka ana anayi. Mfundo ali ndi golosale ku Lizulu. Nomsa ndi namwino. Sibongile amasoka madiresi a ukwati ku Joni. Inu ndinu wa makompyuta, amene ndimakutamandani kumpingo mpaka anthu kutopa nane. Lero ndinu amene mwandipsetsa mtima.

Kompyuta munatigulira ija mumaikonza muli ku Blantyre komweko. Munatiuza kuti munalembamo mndandanda wa mapulogalamu oti aliyense wa m'nyumba muno aziwapeza, ndipo chosalembedwa pamenepo chimachoka mukaikonzanso. Za golosale ya Mfundo zilipo. Masewera a adzukulu alipo. Koma pulogalamu yokuza zilembo, yothandiza maso a amayi anu, simunailembe. Nomsa anaiika yekha atabwera kudzationa, inu mutakonza inafufutika.

Aida atakuimbirani munati, "Ndaiika pa dzina la amayi okha, enawo ingawasokoneze." Nanga pa dzina lawolo alowa bwanji, pamene tizilembo ta poyambira tili ngati nyerere?

Lamulungu Sibongile anadikira pa kompyuta kuti aonetse amayi anu khanda lake koyamba. Aida anali kumaliro, ndipo ine kuwerenga sindidziwa. Amayi anu anayesa, mphuno ili pagalasi, kulakwitsa ndi kulakwitsanso, mpaka makinawo anawatsekera kunja. Anangoti, "Zisiyeni, bambo a Mfundo, zimenezi si za ife okalamba." Anavundikira kompyutayo ndi chitenje, ndipo mpaka lero sanaikhudzenso.

Pamene ndinkagwira ntchito kumgodi, nyale ankatipatsa pamwamba, tisanatsike, munthu aliyense. Panalibe kapitawo wonena kuti ukaipeza pansi, pamalo pako. Sukulu sindinapite nayo patali, koma chimenechi ndikuchidziwa.

Musandiuze kuti aziitana Aida. Mayi amene anakuphunzitsani kulemba dzina lanu padothi sangamapemphe munthu kuti aone mdzukulu wake. Lembani pulogalamuyo pa mndandanda wa onse. Ana akaona zilembo zazikulu sadzadwala nazo.

Amayi anu akupereka moni. Anandiletsa kukukalipirani, akuti mumatopa kuntchito, ndiye zimene zili m'kalatayi sakuzidziwa. Mupereke moni kwa apongozi athu ndi ana.

Loweruka pa 20 Disembala tidzavundukula chiliza cha agogo anu, ndipo banja lonse lidzakumana kuno. Sibongile adzakhala nafe kudzera pa kompyutayo. Amene adzachotse chitenjecho n'kulowa adzakhala amayi anu, okha, inu mutaima pambali manja ali kumbuyo.

Ndine bambo anu,
Goliati Maseko