Mizere Iwiri ndi Kapiritsi ka Madzulo

Lolemba, 6 Okutobala

Fungo la mankhwala oyeretsera nsalu landisanzitsa lero. Zaka zonsezi ndakhala ndikulinunkhiza kochapira zovala kuhotela kuno popanda vuto, koma lero nditangotsegula chigubu ndathamangira kuchimbudzi. Pobwerera ndapeza Wailesi, mnzanga wa pa simbi yachiwiri, ataimika simbi yake akundidikira. Dzinali tinamupatsa chifukwa satseka pakamwa. Wandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Iwe, mwezi uno wasamba?"

Ndati ndimasamba m'mawa uliwonse, ndi sopo yemwe. Sanaseke.

Zoona zake, papita miyezi iwiri. Ndimangoti ndiye kukula kumeneku, zaka makumi anayi ndi chimodzi si masewera.

Kapiritsi kanga ka madzulo ndamwa ngati masiku onse.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Mizere iwiri.

Kachipangizo koyezera mimba ndagula masana pa nthawi yopuma, ndipo ndayezera m'chimbudzi cha antchito. Ndakhala ndikukayang'ana, wina akugogoda pachitseko. Ndimati mwina mzere winawo uzimiririka. Ayi ndithu, wachita kufiira psuu.

Sindinaseke, sindinalire. Chomwe chandifikira m'mutu ndi nkhope ya adokotala a za mtima. Ndilembe bwinobwino kuti mutu uleke kuzungulira. Bambo athu anagwa pamalo okwerera basi ine ndili kusekondale, mtima unangoima. Chaka chatha achimwene anagwanso chimodzimodzi kuntchito kwawo, koma amuna anga anathamangira nawo kuchipatala, anapulumuka. Atatiyeza tonse a m'banjamo anapeza kuti inenso magazi anga ndi odzaza mafuta oipa aja, kolesitelo, ndipo akuti ndi za kumtundu. Ine wowonda ngati chingwe choyanikira zovala! Ndi pomwe anandiyambitsa sitatini, kapiritsi kamodzi madzulo aliwonse. Asanandilembere, adokotalawo anandifunsa ngati ndili ndi maganizo obereka. Ndinaseka, ndinati nkhani imeneyo tinaitseka kalekale. Iwo sanaseke nawo. Anati, "Zikadzachitika mudzabwere msanga. Mankhwalawa sitikonda kupereka kwa mayi woyembekezera."

Miyezi iwiri ndikumeza. Madzulo aliwonse.

Amuna anga, a makaniko, sindinawauze. Ndinapita padera kawiri. Ulendo wachiwiri anali atagula kale beseni la mwana, ndipo pambuyo pake anatha mwezi wathunthu akudya atazolika. Sindikufuna kuwaonanso choncho.

Vuto ndi lakuti kapiritsiko amandipatsa ndi iwo. Chigwereni achimwene, anadzipatsa okha udindo: tikangotha kudya, kapu ya madzi iyo, kapiritsi pachikhatho chawo chothimbirira ndi oyilo. Lero ndalandira, ndatembenukira kusinki, ndamwa madzi okha. Kapiritsi kali m'thumba la yunifomu.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndaimba foni kuchipatala m'mawa nditabisala kuseri kwa makina owumitsira. Anamwino akuti adokotala anga amaona odwala Lachisanu. Ndawauza zonse ndikunong'ona. Anandidikiritsa pafoni kuti akafunse kaye, kenako anabwera ndi yankho: ndisamwe mpaka ndidzaonane nawo. Ndafunsa kuti nanga mtima wanga? Akuti masiku ochepa otere sangasinthe kanthu. Ndafunsa kuti nanga amene ndameza kale aja? Pamenepo anakhala chete pang'ono, kenako, "Zimenezo mudzakambirana ndi adokotala, mayi."

Kukhala chete kumeneko ndi komwe kwandisowetsa mtendere tsiku lonse.

Ndinalakwa kumuuza Wailesi. Anayamba bwino, kundikumbatira, misozi mbwee. Koma pasanathe nthawi wayamba: mwana wa msuweni wake anabadwa wopanda chakuti chifukwa amake ankamwa mapiritsi akuti. Ndamufunsa kuti mapiritsi anji. Sakudziwa. Msuweni uti? Wa kuchimuna, mwinanso wa kuchikazi. Ndamuuza kuti azimitse wailesiyo. Wazimitsadi, koma mawuwo anali atalowa kale.

Masana ndikusita nsalu za pabedi ndamva pachifuwa kuthina. Ndayika simbi pansi, ndatsamira tebulo. Ndimaganiza kuti ndi zomwe bambo anamva pamalo okwerera basi paja. Zapita zokha nditamwa madzi. Mwina ndi nthunzi, mwina ndi mantha. Sindikudziwa.

Achimwene aimba dzuwa likulowa, monga amachitira masiku onse.

"Chemwali, wamwa?"

"Tisanadye, achimwene?"

"Usayiwale. Ine adokotala anandiuza maso ndi maso kuti amenewa sasiyidwa. Ndiwe wekha watsala wondiitana kuti achimwene."

Ndangoti eya.

Kachiwiri kalowa m'thumba.

Lachinayi, 9 Okutobala

M'mawa ndaona timadontho ta magazi. Tochepa, tofiirira. Kale paja zinayambanso chonchi.

Ndapitabe kuntchito chifukwa ndikanakhala pakhomo akanandifunsa. Ndimapita kuchimbudzi pafupipafupi kukaona. Akapitawo athu mpaka anafunsa ngati ndatsegula m'mimba.

Madzulo zaphulika. Ndinali kukhitchini, a makaniko anatenga yunifomu yanga pampando kuti aipachike. Timapiritsi tiwiri tagwera pasimenti, tangoti go go. Ndinamva ndili uko.

Analowa atatiika pachikhatho.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

Ndinangopitiriza kutakasa ndiwo mumphika.

"Ndikufunsa. Ine ndimakupatsani, inu mumakaponya m'thumba? Mwayamba liti? Kapena ndi anthu a kuntchito kwanu aja akunamizani zoti mankhwalawa amaononga chiwindi?"

Sindinawamvepo akukweza mawu chonchi. Anati iwo ndi amene ananyamula alamu awo kuwalowetsa m'galimoto tsiku lija, ali lobodo ngati thumba, ndipo sakufuna kudzanyamulanso ine. Anatulutsa foni kuti awaimbire achimwene. Ndinagwira dzanja lawo.

"Musaimbe. Ndaima."

Sanamve. Ankaganiza kuti ndikunena zoimirira pakhitchinipo.

"Ndili ndi pakati, bambo. Anamwino ndi amene andiuza kuti ndisamwe. Mawa ndikaonana ndi adokotala."

Anaika foni patebulo pang'onopang'ono ngati ingasweke. Anapita kusinki, anayamba kusamba m'manja, manja oti anali atasamba kale. Madzi akungotayika. Kenako, osatembenuka, anafunsa kuti papita nthawi yaitali bwanji. Ndinawauza. Ndinawauzanso za magazi a m'mawa.

"Ndiye kuti miyezi yonseyi ine ndakhala ndikukupatsani ndi dzanja langali," anatero.

Ndinati nanenso sindinkadziwa. Chakudya chazizira m'mbale, palibe wachikhudza. Aimbira mnzawo wa kugalaja kuti mawa sabwera, galimoto ya kasitomala iyembekeze.

Lachisanu, 10 Okutobala

Pabenchi ya kuchipatala tinakhala ngati anthu osadziwana. Iwo atavala malaya awo abwino, chipewa chili pabondo, akuchitembenuza uku ndi uku. Moyang'anana nafe panali agogo ena ankauza aliyense za kuthamanga kwa magazi kwawo. Anatiyang'ana n'kunena kuti, "Odwala ndi bambowa eti? Akuoneka." Pena pake ndikanaseka.

Adokotala anatimvetsera mpaka kumapeto osatidula. Kenako anati tiyambe taona kaye zomwe zili mkatimo, zokamba zibwere pambuyo. Anatitumiza kuchipinda cha sikani.

Kachipinda kamdima, kozizira. Mafuta oterera pamimba. Mayi woyezayo ankayendetsa kachida kake osalankhula, maso ali pa kanema. Ine maso kudenga. Pali pena pomwe denga linadontha, banga lake ndalisunga m'mutu. Ndinali nditakonzeka kumva mawu omwe ndinawamva kale kawiri, oyamba ndi pepani.

M'malo mwake anatembenuzira kanemayo kwa ife. Kanthu kangati nyemba, ndipo pakati pake kadontho kakuphethira mofulumira.

"Mtima ndi umenewo," anatero.

Chipewa cha a makaniko chinagwa pansi. Sanachitole.

Titabwerera, ndinawafunsa adokotala funso langa lija mosazungulira. Anati amayi ambiri amwapo mankhwalawa miyezi yoyamba asakudziwa kuti aima, ndipo zomwe madokotala aona mpaka pano sizikusonyeza kuti amakonda kupundula ana. Amawaimitsa pofuna kusamala, poti mwana akamaumbika amafunanso mafuta omwe mankhwalawa amachepetsa. A makaniko anafunsa kuti ndiye tinene kuti mwanayo ali bwinobwino? Adokotala anati lero ali bwino. Za mawa sangalonjeze, chifukwa cha msinkhu wanga, mbiri yanga, ndi magazi ndawaonawa. Andipatsa masiku opuma, akuti ndisanyamule zolemera, ndipo magazi akachuluka kapena m'mimba mukapota ndithamangire komweko.

Za mtima wanga anati mafutawa amatseka mitsempha pang'onopang'ono pa zaka zambiri, ndiye kupumira miyezi imeneyi si kufa ayi, makamaka poti ine sindinadwalepo mtima. Sitatini ndidzayambiranso ndikadzasiya kuyamwitsa. Pakadali pano ndichepetse zokazinga ndi nyama yonona, ndiziyenda pang'ono magazi akasiya, ndizipita kukaonedwa pafupipafupi. Ndinawauza za kuthina kwa Lachitatu. Anandiyeza mtima ndi timawaya tija, akuti palibe choopsa chikuoneka, koma zikadzabweranso ndisadzadikire kuti zipite zokha. Anandiletsanso kumwa mankhwala ena aliwonse, ngakhale azitsamba, osawafunsa.

Potuluka anaonjezera kuti, "Achimwene anu aja asaone inu n'kusiya awo. Iwo nkhani yawo ndi ina."

Pobwerera, powoloka msewu, a makaniko anandigwira pachigongono ngati ndine nkhalamba.

Loweruka, 11 Okutobala

Achimwene abwera okha m'mawa, osaitanidwa. Akuti mawu anga pafoni samawakhutiritsa. Anakhala pampando wa pakhomo akupuma movutikira chifukwa cha masitepe athu aja. Ndinawauza zonse, a makaniko ali pambali panga.

Ndimayembekezera kuti mwina asangalala. Nkhope yawo inangogwa.

"Ndiye miyezi yonseyo wopanda mankhwala? Ndi yoyamwitsa yomwe?"

Ndinabwereza zomwe adokotala ananena. Anapukusa mutu. Anati adokotala sanawaone bambo athu atagona pansi anthu atawazungulira, iwo anawaona. Anati naonso tsiku lomwe anagwa kuntchito lija anadzuka bwinobwino, anamwa tiyi, anapukuta nsapato.

"Ukagwa iwe, mwanayo adzalera ndani? Alamu okha?"

A makaniko anadzuka. Ndinaona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda. Koma anangoti, "Alamu, Lachisanu likubwerali tipitire limodzi. Mukawafunse nokha adokotalawo zonse zomwe zili kumtima kwanu."

Achimwene anayang'ana manja awo. Kenako anandifunsa ngati ndauonadi mtimawo ndi maso anga. Ndinati eya. Anafunsa kuti umagunda bwanji. Ndinawasonyeza ndi chala patebulo, mofulumira. Anayang'ana kumbali, anapempha madzi.

Pochoka sanandiuze kuti ndachita bwino. Sanandiuzenso kuti ndalakwa. Anangoti Lachisanu tiwadutsire.

Atapita ndinalira koyamba sabata yonseyi. Mawu awo aja andilowa, chifukwa funso lomwelo ndakhala ndikudzifunsa ndekha osalitchula.

Lamulungu, 12 Okutobala

Kadontho kamodzi m'mawa. Masana palibe. Ndikuopa kukhulupirira.

Lolemba, 13 Okutobala

Palibe. Tsiku lonse ndagona. A makaniko aphika okha, zonse zowiritsa, mchere anaiwala. Ndadya osadandaula, kenako ndasanza.

Lachitatu, 15 Okutobala

Ndabwerera kuntchito. Magazi sanaonekenso, koma ndikuyenda ngati ndasenza mazira. Wailesi wasungadi pakamwa pake, ndadabwa. Amangondiyang'anitsitsa simbi ikupsereza pilo.

Cha m'ma teni kunabwera ngolo ya matawulo onyowa kuchokera m'zipinda za pamwamba, alendo a msonkhano anali atangochoka. Makina onse anali akulira, pansi pakunjenjemera. Akapitawo anandikodola n'kundilozera mtolo waukulu kuti ndiukweze m'makina owumitsira. Ntchito yomwe ndaigwira zaka zonsezi osaganiza kawiri.

Ndinaima pomwepo, manja ali m'mbali.

"Sindinyamula, bwana."

Anaika dzanja kukhutu. "Mwati chiyani?"

"Ndati sindinyamula. Ndine woyembekezera."

Phokoso linameza mawu anga. Anayandikira atakwinya nkhope, akuloza wotchi yawo. Anzanga onse anali atasiya ntchito, akutiyang'ana. Ndinakoka mpweya, ndinakuwa ngati ndikuitana munthu ali kutsidya la msewu.

"Ndili ndi pakati!"

Nthawi yomweyo makina aakulu aja anamaliza kuzungulira, anazima okha. Mawu anga anamveka chipinda chonse mpaka kukhonde.

Akapitawo anandiyang'ana, anayang'ana mtolowo. Kenako anapinda manja a malaya awo, anawerama, anaunyamula okha.