Chithunzi Chanu M'nyuzipepala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno tili moyo, ndipo mwana wanga Esinati wamera mano awiri.

Nyuzipepala ya maphunziro imene mumawerenga kulaibulale ya kukoleji kwanu yafika, koma mwatiopsa! Titaona chithunzi chanu popanda kalata, amayi anayamba kulira kuti mwamangidwa, poti masiku ano anthu ophunzira akungotengedwa. Ndinabereka mwana, nyuzipepala m'manja, liwiro mpaka ku Chitakale kwa aphunzitsi a Namaona. Atawerenga Chingerezicho anaseka: "Mayi, awatu sanamangidwe, apambana mayeso!" Ndinaimba nthungululu pamsewu pomwepo.

Chonde yankhani msanga m'Chinyanja. Amayi akuti mtima sukhala pansi mpaka ndiwawerengere ndekha mawu a dzanja lanu.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Filesi