Ndimatsika Ndege Lolemba N'kulunjika ku Labu

Aphungu,

Kalatayi ndikulemba pa nthawi ya nkhomaliro, nditakhala pa kampando kuseri kwa labu yathu, nsapato nditavula chifukwa mapazi atupa. Ngati nkhani ikuyenda mokhotakhota mundikhululukire, mutu wanga masiku ano uli choncho.

Ndine mayi wa zaka 33, sindili pabanja ndipo ndilibe mwana. Ndimagwira ntchito yoyeza magazi pa chipatala china, ndipo chimene ndimakonda pa moyo wanga ndi kuyenda maiko akunja. Musaganize kuti ndili ndi ndalama ayi, malipiro anga mutawamva mukhoza kuseka. Kungoti ndinaphunzira kuyenda motchipa. Tikiti ndimagula kudakali miyezi isanu ndi umodzi, ya ndege zija zoima pawiri patatu zimene anthu a ndalama amazikana. Sutikesi sinditenga, kachikwama kakumsana basi, moti zovala ndimachapa pa sinki n'kuyanika kumutu kwa bedi. Ndimagona m'nyumba zogona alendo za anthu asanu ndi atatu chipinda chimodzi, wina akuliza mkonono pamwamba pako. Chakudya changa chimakhala buledi ndi tiyi, ndipo kulikonse kumene mwendo ungafike sindikwera galimoto.

Masiku a tchuthi amatipatsa 18 pa chaka, ndiye ndimawadula pang'onopang'ono ngati sopo wa kumapeto kwa mwezi. Ndimawalumikiza ku Loweruka ndi Lamlungu kapena ku maholide, pena n'kusinthana mashifiti ndi anzanga. Chaka chatha ndinatuluka maulendo asanu ndi anayi. Kuntchito dzina langa linaiwalika kalekale, aliyense amangoti Pasipoti, ndipo kunena zoona dzinalo limandikomera.

Ndili ndi lamulo limodzi lomwe ndinadziikira ndekha: tsiku la tchuthi silithera pabedi la kunyumba. Choncho ndimabwerera Lolemba m'mawa, amenenso ndi matikiti otchipa kwambiri. Ndikatsika ndege ndimasamba kumaso m'chimbudzi cha pabwalo pomwepo, n'kukwera basi kulunjika kuntchito. Chovala choyera cha mu labu ndimangophatikiza pamwamba pa zomwe ndayenda nazo, kachikwama n'kukankhira pansi pa tebulo. Ndachita zimenezi zaka zinayi popanda vuto.

Masabata atatu apitawo ndinatsika ndege cha m'ma 6 koloko m'mawa, nditayenda maola 19, ambiri mwa iwo ndili pa mpando wachitsulo kudikira ndege yachiwiri. Hafu pasiti seveni inandipeza ndili pa tebulo langa. Lolemba ku labu kwathu mzere wa odwala umafika pakhomo. Ntchito yake ndi kutenga magazi, kuthira mu kachubu, n'kumatapo sitika ya dzina la wodwala. Ndaigwira zaka zisanu ndi zitatu ndipo ndinkanena kuti ndikhoza kuigwira nditatsinzina. Tsiku limenelo ndiye ndinaigwiradi nditatsinzina. Ndinatenga magazi a mayi wina woyembekezera, kenako a bambo wina wamphamvu zake amene anangotumidwa ndi a kuntchito kwake kuti adzayezetse. Masitika awo ndinamata mosemphanitsa.

Zotsatira zitatuluka, pepala la mayi uja linasonyeza kuti magazi ake ali bwinobwino. Adokotala akanaliona akanamuuza kuti azipita kwawo. Mwayi wake, mapepala onse amadutsa kaye m'manja mwa mayi wina wamkulu amene ndimagwira naye ntchito, yemwe timamutcha Amagalasi chifukwa magalasi awo amalendewera pa kachingwe m'khosi. Iwo anali atamuona mayi uja polowa, zikhatho zili mbee, akupuma movutikira. Anayang'ana pepalalo, anatuluka kukamuonanso pa benchi, ndipo anamutenganso magazi iwo eni. Magaziwo anapezeka kuti ndi ochepa kwambiri, moti anamugoneka tsiku lomwelo n'kumuwonjezera ena.

Amagalasi sanandikalipire pa anthu. Nthawi ya nkhomaliro anandiitanira mu kachipinda momwe timasungamo magolovesi, n'kutseka chitseko. Anati, "Mwana wanga, lero ndakubisa. Koma ukadzalowanso muno kuchokera ku bwalo la ndege ndi kachikwama kako, sindidzayankhula nawe, ndidzangopita kwa abwana. Za kusinthana mashifitinso ine ndasiya." Ndinawayankha kuti, "Mayi, n'kulakwitsa kwa tsiku limodzi." Iwo anati, "Mayi uja nayenso anali ndi tsiku limodzi lomweli." Chiyambireni timangopatsana moni wa m'mawa. Kale tinkamwera limodzi tiyi.

Vuto langa tsopano ndi ili. Ndili ndi tikiti ya mwezi wamawa imene ndinagula kalekale, ya dziko lomwe ndakhala ndikulilota kuyambira ndili ku sekondale. Ndi ya mtundu uja woti susintha tsiku ndipo ndalama sabweza. Ndege yake yobwerera imatera Lolemba mbandakucha, ine ndili pa ndandanda wolowa hafu pasiti seveni. Masiku a tchuthi anditsalira awiri okha, omwe ndimasungira ulendo wina wa kumapeto kwa chaka, ngakhale tikiti yake sindinagule. Ndapempha anzanga ena kuti tisinthane, onse akuti ali ndi zochita, mwina Amagalasi anawanong'oneza. Achimwene anga akuti ndisadzivute, ndingopeza kalata ya adokotala yoti ndadwala, aliyense amatero. Mnzanga wina akuti Amagalasi ali ndi nsanje chabe, poti iwo malire a dziko sanawadutsepo.

Chimene sindinauzepo munthu n'chakuti ndatopa, Aphungu. Ulendo wathawu ndinakhala pa benchi ya m'paki ina kuti ndidye buledi wanga, n'kudzidzimuka patatha maola atatu. Ndinangojambula zithunzi ziwiri zoti anthu aone kuti ndinafikako. Mukandifunsa za mzinda umenewo, chimene ndikukumbuka bwino ndi mtengo wa basi. Mayi anga nawo amandiseka poti ndimabwera chimanjamanja. Amati, "Kunja kwake kuti kumeneko, kopanda ngakhale sopo?" Ndimaseka nawo, koma ndikalowa m'chipinda mwanga ndimangogwa pabedi ndi nsapato zomwe.

Komabe ndikuopa kusiya. Ndikasiya kuyenda nditsala ndani? Munthu womata masitika pa machubu mpaka kudzapuma pa ntchito. Ndipite ulendowu kapena ndisiye tikiti ipse? Nanga Amagalasi ndiwatani?

Ine wotopa,
C. M. N., kuseri kwa labu


Mchemwali C. M. N.,

Tiyambe ndi mnzanu wa nkhani ya nsanjeyo. Musiyeni azilankhula yekha. Munthu wansanje akanatenga pepala lija n'kuthamangira nalo kwa abwana akumwetulira. Amagalasi anapulumutsa wodwala, anapulumutsa ntchito yanu, kenako anakuuzani zoona chitseko chili chotseka. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mnansi wotere simungamugule paliponse.

Kukonda kuyenda si tchimo, ndipo sindikuuzani kuti mubise pasipoti pansi pa matiresi. Luso lanu losaka matikiti ndalisilira. Koma kalata yanu ndaiwerenga kawiri kufunafuna chinthu chimodzi chokongola chimene munaona kunjako, ndipo ndapezamo sinki, mpando wachitsulo ndi munthu woliza mkonono. Maulendo asanu ndi anayi pa chaka, uku muli pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, thupi silingalole. Lamulo lanu loti tchuthi sichithera pabedi ndi limene lakufikitsani apa. Munkaona ngati mukupulumutsa tsiku limodzi, koma tulo timene munkatikana kunyumba munkakagona pa tebulo la labu, singano ili m'manja.

Za tikitiyo, pitani. Dziko lomwe mwalilota kuyambira ku sekondale musalitaye. Koma mawa lomwe lembani fomu yopempha tchuthi cha Lolemba lobwererali, ndipo ndikanakhala ine ndikanatenga ndi Lachiwiri lomwe. Ulendo wa kumapeto kwa chaka uiwaleni, tikiti yake simunagule ndiye palibe chimene mukutaya. Mukatsika ndege mupite kunyumba, musambe madzi otentha, mudye, muzimitse foni, mugone. Abwana akakana kukupatsani tsikulo, pamenepo tikiti ipse. Zidzakupwetekani, ndikudziwa, koma ndalama ya tikiti mudzaipezanso.

Maganizo a achimwene anu ataye kutali. Inu mumagwira ntchito pa chipatala, mukudziwa bwino kuti kalata yabodza ya adokotala ikagwidwa amene amachotsedwa ntchito ndi anthu awiri, woipempha ndi woilemba. Ndiponso anthu amene amakutchani Pasipoti mukuganiza kuti angakhulupirire malungo ogwa Lolemba, zithunzi za ulendo zili pa foni?

Tsopano chovuta, chimene simunandifunse. Nkhani ya masitika ija mukaiulule nokha kwa abwana. Pakali pano amene wasenza katundu wanu ndi Amagalasi. Anaona cholakwa chimene chikanapha munthu n'kukhala chete chifukwa cha inu, ndipo zikadzamveka kudzera kwina nawonso adzafunsidwa, mayi amene mwina watsala pang'ono kupuma pa ntchito ndi mbiri yabwino. Yambani mwawapeza iwowo. Musapite ndi zifukwa za maola 19 aja, akuzidziwa kale. Muwathokoze, mupepese chifukwa cha yankho lija la tsiku limodzi, ndipo muwauze kuti mukupita ku ofesi kukanena zomwe zinachitika. Mukhoza kulandira kalata yochenjeza. Ilandireni. Wogwira ntchito amene wabwera yekha kudzanena kuti ndinalakwitsa, ndipo ndasintha mwakutimwakuti, abwana ambiri amamusunga. Amene amavuta kumusunga ndi wogwidwa kachiwiri.

Chaka chamawa muchepetse. Maulendo atatu kapena anayi akukwanirani, ndipo aliwonse akhale otalikirapo, kuti mzinda muziuona ndi maso otsegula. Posaka tikiti muziyamba mwayang'ana tsiku lobwerera, lisakhale loyandikana ndi shifiti yanu. Tsiku logona kunyumba muziliwerengera ngati mbali ya ulendo, chimodzimodzi ndi malo ogona ndi chakudya. Mukaona kuti masiku sakukwanira kuti mupume, ndiye kuti ulendowo nthawi yake sinakwane, ngakhale tikiti itatchipa chotani. Ndalama imene mungapulumutse pochepetsa maulendo muzilipira chipinda cha nokha usiku umodzi kapena uwiri, ndipo mayi anu muziwagulirako kanthu, akudandaula zoona. Kutupa mapazi ndi kutopa kumeneku kukapitirira mutapuma, kaonaneni ndi adokotala. Mumayeza magazi a anthu onse, anu munayeza liti?

Mwandifunsa kuti mukasiya kuyenda mutsala ndani. Funso limeneli landimvetsa chisoni, chifukwa likusonyeza kuti ntchito yanu mumaiona ngati pongodikirira ndege yotsatira. Mchemwali, sitika imene mukuinyozayo ndi imene imauza adokotala kuti uyu agonekedwe, uyu azipita kwawo. Munaona nokha zimene zimachitika ikamatidwa polakwika. Ngati ntchitoyi yakutopetsanidi, imeneyo ndi nkhani ina, mudzandilembere tidzakambirane zosaka ina kapena zobwerera kusukulu. Koma malinga ngati mukuvala chovala choyeracho, odwala a Lolemba ayenera kupeza munthu amene wagona.

Chenjezo langa ndi ili. Zaka zinayi munayenda mwamwayi, ndipo tsiku lija munapulumuka chifukwa Amagalasi anakweza maso pa nthawi yake. Tsiku lina iwo adzakhala ali pa tchuthi, pepala lidzadutsa, wodwala adzakwera basi kubwerera kwawo. Kalata yofunsa za tikiti yopsa ndikhoza kuyankha, yofunsa za kalata yochenjeza ndikhozanso kuyankha. Koma mukadzandilembera kufunsa mawu oti mukanene kwa mwamuna wa mayi amene sanabwerenso, ine sindidzakhala ndi chokuuzani.

Aphungu