Mitima Itatu

Chinakanaka, Lachitatu, Juni 1991

Mimba za mwana wanga Esinati: zinayi.
Zopita padera: zitatu.
Yatsopanoyi: miyezi iwiri ndi theka.

Chiperoni tsiku lonse, koma ine sindinamve kuzizira.

M'mawa asewere anga anatitsekereza panjira tikupita kuchipatala kukaunikitsa mimbayo pa makina. Amvekere, "Mimba saisuzumira, asewere. Makinawo athawitsa mwana." Ndinawafunsa kuti, "Zitatu zija anazisuzumira ndani? Nanga zili kuti?"

Ku Blantyre adokotala anapaka Esinati mafuta pamimba nayendetsapo kachipangizo. Pagalasi panaoneka kadontho kakuphethira. "Mtima uwo, agogo," anatero. "Mwana ali pamalo pake, koma khomo la chiberekero ndi lofooka. Abwerenso tidzalisoke lisanatseguke."

Khomo chabe! Ndipo zaka zonsezi mudzi wakhala ukunena mkamwini wanga kuti amapha ana ndi kuyendayenda.

Pobwerera anyamata achipani anaimitsa basi kufuna makadi. Amagulitsa ndi la mwana wam'mimba yemwe, koma wathuyu sanamuone. Ine ndamuona.

Asewere akwiye. Mwezi wamawa tipitanso.

Makadi: awiri.
Mitima yobwerera kunyumba: itatu.

E. Namakhwa