Botolo la M'thumba la Mtedza

Madisi, Dowa
19 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali a Debora,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Kepi kumeneko, ngakhale ndikumva kuti chisanu sichinakusiyeni. Ife kuno tili moyo, ndipo chinkhoswe cha mwana wanu Takondwa chinachitika Loweruka lapitali. Ndasankha kulemba chifukwa mumandidziwa, pafoni ndikayamba kulira nkhani imathera panjira. Ndipatsira adalaivala omwe aja anabweretsa katundu.

Choyamba ndithokoze. Zitenje zinafika, nsapato zinamukwana mwanayu ngati munachita kumuyeza. Koma nditafika pansi pa katoni n'kupeza botolo la ramu lija, achemwali, ndinatseka katoniyo msangamsanga. Mukudziwa kuti alamu anu a Andireya chino ndi chaka chachitatu osakhudza mowa. Mukudziwanso komwe tachokera: fodya akagulitsidwa, iwo ulendo wa kukachasu ku Malomo, ine n'kumakawatola m'ngalande. Ndinu amene munandiuza nthawi ija kuti, "Lenia, longedza, munthu uyu sadzasintha." Sindikukumbutsa kuti tiyambane. Ndikungofuna mumvetse chifukwa chake botolo lanu ndinalikwirira pakati pa thumba la mtedza wa mbewu, n'kusoka kukamwa kwake.

Kutaya sindikanatha, poti munanenetsa kuti mwana wa mng'ono wanu sangachite chinkhoswe cha thobwa lokha. Kunena zoona, nanenso ndinkafuna akuchimuna akasimbe kwawo.

Loweruka m'mawa, bambo a Takondwa atapita kukatenga mabenchi, ndinamasula thumba lija. Botolo ndinalipeza litakulungidwa bwinobwino mumpango wanga wakale. Sindinakumbuke kuti ndinalikulunga, koma mutu unali ndi zambiri, ndinangoti mwina ndi Takondwa.

Ndinatseka chitseko n'kumvetseranso pafoni uthenga wanu uja wa kakonzedwe ka chakumwa: kapu imodzi ya mandimu, makapu awiri a shuga wosungunula, atatu a ramu, anayi a madzi a zipatso. Chinanazi ndinachisinja mumtondo. Musaseke, makina a kuhotelo kwanu aja ife tilibe. Ndinasefa ndi kansalu katsopano, n'kufinyiramo malalanje ndi manachesi mpaka zala kuwawa. Manyuchi ofiira munkanena aja kuno sakuwadziwa. Nditafunsa mugolosale anandilozera mankhwala a chifuwa. Ndiye ndinangowiritsa chidede ndi shuga, ndipo mtundu unatuluka wokongola moti inu nomwe mukanachita nsanje. Ayisi ndinakatenga kwa a Eleanor ogulitsa mafirizesi pamsika. Ndinakonza ziwiri: ndowa yaikulu yopanda mowa ya anthu onse, ndi kandowa kakang'ono ka ramu ka akuluakulu amene amamwa. Munati ndilawe ndisanapereke, koma apo pokha sindinakumvereni. Chibadwire mowa unali usanadutse pakhosi panga.

Mwambo unayenda bwino. Ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi, ndipo mkamwini wathu Samueli anamuzindikira Takondwa pakati pa atsikana ofunda zitenje popanda kuphonya. Kenaka akuluakulu anakakhala m'chigafa, poti fodya anapita kale ndipo muli mthunzi wabwino. Ine ndi mtima wonyada ndinagwada n'kupereka kapu yoyamba kwa a Eliya, amalume ake a Samueli, amenenso ndi nkhoswe yake.

"Ichi ndiye chani, mayi?" anafunsa akusuzumira m'kapumo.

"Amati panchi, bambo. Atiphunzitsa achemwali anga a ku Joni."

"Muli kamowa?"

"Pang'ono pokha."

Ananunkhiza, n'kumwetulira. Kenaka anatembenukira kwa alamu anu, n'kuwapatsa kapuyo ndi manja awiri. "Chakumwa chachilendo sitiyamba ndife alendo. Eni khomo, tatsegulani njira."

Achemwali, zonse ndinaganiza, koma ichi chokha ndinaiwala. Inu mwakhalitsa kunja, koma mukukumbukira kuti kuno mwini khomo amayamba walawa kuti mlendo amwe mtima uli m'malo. Kukana ndiye kuti m'chakumwamo muli kanthu, ndipo chibale choyamba ndi kukayikirana sichipita patali. Komanso kulawa, kwa bambo a Takondwa, ndiye kubwerera kungalande. Za uchidakwa wawo akuchimuna sitinawauze, tinkaopa kuti angamunyoze mwana.

Alamu anu anailandira kapuyo. Ndinaona akumeza malovu. Takondwa anazolika, ine ndinkangopemphera chamumtima osadziwa chimene ndikupempha. Kapu inakwera mpaka pachifuwa, n'kuima pomwepo.

"A Eliya, mundikhululukire," anatero. "M'kapu umu mulibe choipa, akonza ndi mayi a kunyumba. Choipa chili mwa ine. Ine ndikalawa lero, mudzandipeza m'ngalande Lachitatu. Ndinali chidakwa. Anthu a kuno akudziwa, nanunso mudziwiretu musanatenge mwana wanga."

Ine sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti, ndinangopezeka ndakwawa ndi mawondo n'kuwalanda kapuyo. Ndinati, "Wophika ndiye amalawa." Ndipo ndinagugudiza ngati thobwa. Poyamba kunali kutsekemera, ndinati zimenezi ndi zomwe anthu amaziopazi? Kenaka moto unatsika pakhosi. Ndinatsokomola mpaka misozi, duku linagwa, amayi anzanga n'kumandimenya pamsana. Chigafa chonse chinafa ndi phwete.

A Eliya anapukuta misozi ya kuseka, n'kunena kuti, "Ngati mayi a mwana sanagwe, tandipatsani." Anamwa, n'kupemphanso ina. Kandowa kaja sikanachedwe kuuma, ndipo akazi awo anandikokera pambali kufunsa kuti chidede ndinathira chochuluka bwanji. Potsazika, a Eliya anagwira dzanja la alamu anu nthawi yaitali. Ndinawamva akunena motsitsa kuti, "Za inu tinazimva kalekale ku Malomo, bambo. Timangofuna kuzimva kwa mwini wake." Kaya kapu ija anaipereka dala, kaya unali mwambo chabe, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ukwati ulipo mu Novembala.

Alendo atabalalika, ndikutsuka makapu kuseri kwa nyumba, alamu anu anabwera n'kukhala pamtondo uja. Ndinkayembekezera kukalipidwa, ndipo ndinali nditavomera kale. Iwo anangoti, "Mayi a Takondwa, ulendo wina botolo musamaike mumtedza wa mbewu. Ndinalipeza mawa lake lomwe, ndikuyang'ana ngati mbewu yayamba kufumbwa. Ndinaopa kuti lisweka, ndiye ndinalikulunga mumpango wanu, thumba n'kusokanso."

Masiku onse aja, achemwali, munthu ankagona pafupi ndi thumba limenelo akudziwa chimene chilimo, ine ndikudziona wochenjera. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, manja ali ndi sopo. Zaka zonsezi ndinkawalondera ngati mbuzi ya pafupi ndi dimba, osadziwa kuti chingwe anadzimanga okha kalekale.

Sindikufunsani chifukwa chimene munasankhira mphatso imeneyi mwa mphatso zonse. Kaya munaiwala, kaya munkafuna kuona kanthu, ine ndikuthokoza basi. Popanda botolo lanu ndikanafa ndikukayikira mwamuna wanga. Pempho langa ndi limodzi: mubwere kuukwati. Musatumizenso katoni, mubwere nokha.

Takondwa akupereka moni, akuti nsapato akuzisungira tsikulo. A Eleanor akuti musawaiwale. Alamu anu ali pakhonde pano akusenda mtedza uja. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu, poti mukudziwa kuti inu ndi iwo simunalankhulane chichokereni. Akuti ndikupatseni moni wambiri. Akuti mpando wanu adzauika pafupi ndi wawo, ndipo mudzawakonzere panchi ndi manja anu, ija yopanda kanthu, kuti adzayambe ndiwo kulawa.

Ndine mng'ono wanu amene sanalongedze,

Lenia