Dzanja pa Khoma la Kanema

Okondedwa achemwali a Esinati,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Ife kuno ku Chitakale tilipo, miyendo yokhayi ndiyo ikundivuta.

Loweruka lapitali a mpingo anadzaonetsa kanema pakhoma la sitolo yakale ya kuesiteti, pomwe paja pankaima galimoto ya kanema tili ana. Tinalipo ochepa. Adzukulu anga anakana kupita, ati za pafoni ndiye zokoma.

Kanema ali mkati, wina anakweza dzanja m'kuwala muja, mthunzi wake n'kudzaza khoma lonse. Achemwali, kachala kakang'ono kanali kopindika ngati ka malemu achimwene athu a Fulaye! Paja ankakonda kutero, akuluakulu n'kumawakalipira ife tikuseka. Ndinacheuka msanga, koma kumbuyo kwanga kunali amayi okhaokha, manja atabisa m'zitenje chifukwa cha chiperoni.

Chichokereni kumeneko ndikuyesa kukumbukira nkhope ya achimwenewo, koma ikukana.

Mulungu akusungeni. Chonde, chithunzi chawo chija munapita nacho, munditumizire ngakhale pafoni pomwepo. Ine kuno ndatsala ndi dzanja lokha.

Ndine mng'ono wanu,
Meliya