Matewera a kwa Sefu

Malemia,
Domasi.
Febuluwale, 1986.

Okondedwa achimwene a Isaki,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Mzuzu. Nanga chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno tadzuka. Mvula ikugwa bwino, anthu ali kalikiliki kuwokera mpunga m'madimba, ndipo mayi athu mwendo uja wayamba kuwalola kufika kumzikiti.

Koma nkhani yandilembetsa kalatayi ndi ya mng'ono wanu Sefu.

Mwezi watha anabwera kumudzi kuno pa njinga yake, atamanga taye, kudzadandaula kuti mkazi wake Abida wasanduka waulesi ndi wauve. Anandipempha kuti ndikakhaleko masiku angapo ndikamulangize. Ine ndinamukhulupirira, poti ndi mlongo wanga. Ndinamanga kathumba n'kupita.

Achimwene, fungo linandichingamira ndisanafike pakhomo. Kuseri kwa nyumba kunali ndowa yodzaza matewera a mwana wamng'ono uja, Maulidi, ntchentche zitaunjirira. Nditavundukula ndinaona mphutsi zikuyenda pansalu zimene mwana amavala. Ndinathamangira m'nthochi kukasanza.

Polowa m'khitchini ndinapeza Abida akutenthetsa nyemba zochita thovu, zosasa, kuti ana adye. Ndinamukalipira kwambiri. Iye sanadziteteze. Anangondiyang'ana ndi maso olowa m'kati, n'kunena kuti ndigone kaye, ndidzaone ndekha kukacha.

Ndinaonadi. Kunja kusanayere, ngakhale kumzikiti asanaitane, kuchipinda kwao kunalira belu. Ndi wotchi imene Sefu anagula kwa Mmwenye ku Zomba, ndipo amaiika kumutu kwa mkazi wake. Abida anadzuka, anabereka mwana, anasonkha moto, anakazinga mandasi ogulitsa kumsewu, anapita kumjigo kangapo. Bambo wanyumba nthawi yonseyo ali chifundire bulangete, kudikira kuti madzi osamba afunde.

Abida atandifotokozera m'pamene ndinamvetsa. Akuti kuofesi kumene Sefu ali kalaliki anawaphunzitsa za kusunga nthawi, ndiye iye anabwera nazo kunyumba. Analamula kuti matewera azichapidwa Loweruka lokha, chifukwa kuchapa tsiku ndi tsiku n'kutaya nthawi. Nyemba ziziphikidwa kamodzi kuti zikwane sabata. Ana onse anayi azisamba madzi amodzimodzi m'bafa, woyamba mpaka wotsiriza.

Ndiye nthawi yopulumutsidwayo imapita kuti? Imapita ku malaya a Sefu, amene ayenera kusitidwa m'mawa uliwonse ndi simbi yamakala, ndi ku nsapato zake, zimene ziyenera kuwala ngati galasi. Yotsalayo Abida amathera kudimba ndi kumsewu. Mwini malamulo akaweruka amakhala pa bawo ku golosale mpaka chakudya chitapsa.

Ndinamufunsa Sefu kuti bwanji osamangirira zigubu panjinga n'kumatungako madzi asanapite kuntchito. Anaseka. Anati kodi anzake a kuofesi akamuona atanyamula zigubu ngati mnyamata wa ganyu adzamutenga bwanji? Ndinamuyang'ana munthu amene ndinkamubereka kumsana ali wakhanda.

Ine sindinadikire chilolezo chake. Nyemba zija ndinakataya kudzala, matewera ndinawawiritsa. Tinagawana ntchito ndi mlamu wanga: iye akamakazinga mandasi, ine ndili kumtsinje kuchapa, iye akapita kudimba, ine ndikuphika ndiwo za tsiku lomwelo. Ana aakulu awiri tinawapatsa tsache ndi mbale. Pasanathe sabata nyumba inayamba kununkhira sopo, ndipo ndinamumva Abida akuseka koyamba.

Koma kwa Maulidi tinali titachedwa. Matako ake anali zilonda zokhazokha, ndipo anayamba kutsegula m'mimba mpaka liwombo kulowa. Tinathamanga naye kuchipatala. Namwino atamuvula thewera anamunyoza Abida pamaso pa amayi onse, kumufunsa ngati ali ndi manja. Abida anangowerama n'kumeza manyazi onsewo, dzina la mwamuna wake osalitchula. Sefu sanabwere. Anatumiza mawu oti ndi nthawi ya ntchito.

Mwanayo Mulungu wamuchitira chifundo, akuyamwa tsopano. Zimene zinatsatira ndi zimene ndikufuna mumve mutakhala pansi.

Titatuluka m'chipatala Sefu anandiitanira pakhonde, nkhope ili mwee ngati wapeza nzeru zatsopano. Anati waona yekha kuti nyumba ikuyenda bwino pokhala akazi awiri, choncho waganiza zotenga mkazi wachiwiri. Anati si za chikondi ayi, n'zongofuna kuti ntchito izifulumira: wina azichapa, wina aziphika. Mtsikana anamupeza kale ku Naisi, dzina lake Kuluthumu, mwana wa Sitandade 8. Ndipo anafuna kuti ine, Lukiya, ndikayambe kulankhula ndi amayi a mtsikanayo.

Anawonjezera kuti chipembedzo chimalola. Ndinamuyankha kuti chimalola munthu wotha kusamala akazi ake mofanana, osati amene mmodzi yemweyo wamusandutsa bulu. Anandiuza kuti ine sindinapite patali kusukulu, sindingamvetse za dongosolo.

Ku Naisi ndinapitadi. Ndinawapeza mayi a mtsikanayo akupeta mpunga, Kuluthumu ali pambali ndi makope ake, kamwana koti mawere angoyamba kumene. Ndinawauza zonse: za ndowa, za mphutsi, za belu, za liwombo la mwana. Ndinawauzanso ntchito imene mwana wao akuitanidwira. Mayiwo analavula pansi n'kunena kuti mwana wao alemba mayeso chaka chino, ndipo Sefu asadzaimikenso njinga yake pakhomo pao.

Nditabwerera, nkhani inali itandipitirira kale. Ndinapeza kathumba kanga kali pabwalo. Sefu anati ndamuchotsa ulemu, ndisadzapondenso pakhomo pake. Abida anandiperekeza mpaka kumsewu mwana ali kumsana, ndipo anandiuza mosalira konse kuti Maulidi akangolimba atenga ana ake onse n'kubwerera kwao ku Liwonde.

Mayi sindinawauze, ndikuopa mtima wao. Inu ndinu wamkulu wathu, ndiponso ndinu munaimira Sefu ngati nkhoswe tsiku la ukwati wake. Chonde bwerani. Kalata musamulembere, adzangoiwerenga n'kupita ku bawo. Mukhale naye pansi maso ndi maso, mumufunse ngati anakhudzapo thewera la mwana wake chibadwire.

Koma ndinene poyera, achimwene. Ngati mukubwera kudzanyengerera Abida kuti apirire, musadzivute ndi ulendo wautali chotere. Mkazi uja wapirira mpaka mwana kutsala pang'ono kumufera m'manja. Wofunika kulangizidwa ndi wathu yemweyu, ndipo akakana kumva, katundu wa Abida ndikamunyamulira ndine pamutu panga mpaka pa siteji ya basi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mayi ndangowauza kuti mwina mubwera kudzacheza, ndiye akuti muwabweretsereko khofi wa kumeneko. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ine mlongo wanu,
Lukiya.